Kachingwe ka phazi la Taonga

Mwana wanga anabwera kuchokera ku Lusaka ndi mawu awiri achingerezi m'kamwa, ndipo sabata yonse yathayi mawuwo anandikakamira ngati chisoso pa chitenje.

Ndinawamva koyamba Lolemba kumadzi otentha aja otumphuka pansi. Inu a kuno ku Chinyunyu mukudziwa pamene timachapira, kumunsi kuja kumene madzi amafika atapolako, oti dzanja n'kupirira. Ndinali nditawerama pamwala, khanda langa Dalitso lili kumsana, Taonga akutsukuluza malaya a atate ake. Kenaka anaweramuka n'kukwinya mphuno.

"Mami, kompeyadi tu manzi ya ku Lusaka, aya yanunkha mazira."

Amake Joyisi, amene timagulitsa limodzi mbatata pamsewu, anaseka mpaka sopo anawapulumuka m'manja.

"Ati chani, dona? Kompeya ndani?"

"Kompeyadi tu," Taonga anabwereza pang'onopang'ono ngati mphunzitsi. "Ni kulinganiza vinthu viwiri. Uyamba na kompeyadi tu, watchula chimodzi, ndiye wakamba vamene chinzake chasiyana. Ba ticha anatiphunzitsa."

"Oho! Ndiye ukawauze ba ticha ako kuti kompeyadi tu Lusaka, madzi athu sazizira malaiti akapita."

Azimayi onse anaseka. Inenso ndinaseka, koma kuseka kwanga kunathera m'mano.

Taonga ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Mu Januwale akulu anga, ba Esnati, amene amagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala ku Lusaka, anamutenga kuti akaphunzire kumeneko. Sukulu yathu ili kutali, ndipo mvula ikagwa kamtsinje ka panjira kamadzaza, ana aang'ono n'kukhala pakhomo masabata. Ndinavomera ndi mutu, pakamwa pali chete, monga ndimavomerera zinthu zambiri. Holide ya mu Epulo sanabwere, ati anali ndi maphunziro apadera. Ino ya mu Ogasiti anandibwereka sabata imodzi chabe. Ndalemba dala kuti anandibwereka, chifukwa ndi mmene zinamvekera mumtima mwanga.

Kodi munadikirapo mwana miyezi isanu ndi iwiri? Basi yochokera ku Lusaka ikaima pamalo athu ogulitsira, anzanga amathamanga ndi mabeseni kupita pamawindo. Inenso ndimathamanga nawo, koma maso anga sakhala pa manja a ogula. Amafufuza timitu tating'ono m'mipando, ngakhale ndikudziwa bwino lomwe kuti si tsiku lake.

Ndiye wafika, ndipo chilichonse chapakhomo chakwera pa sikelo.

Kompeyadi tu bedi la kwa ba mami akulu, mphasa imapweteka nthiti. Kompeyadi tu Lusaka, kuno kuli fumbi, kutchalitchi n'kutali, ndipo nkhuku zilibe ulemu, zimalowa m'nyumba osaodira. Sankanena mwamwano ayi. Ankanena mokondwa, ngati mwana amene wapatsidwa kampeni katsopano ndiye akukayesa pa mtengo uliwonse. Sankadziwa kuti mtengo wina ndi amake.

Anzathu Achibemba ali ndi mwambi wakuti mwana wosayenda amatama amake kuphika. Amaunena poseka munthu wosadziwa dziko. Koma kodi alipo anafunsapo amake a mwana woyendayo kuti zimamveka bwanji mwana akabwerako?

Musaganize kuti kuyerekeza kunabwera ndi Chingerezi. Ifenso timakudziwa bwino. Pitani kusikelo tsiku loyeza ana, muone mmene timasuzumirana makadi pa benchi. Wanu wafika pati? Wanga wapitirira. Mayi amene mwana wake watsikako amapinda kadi n'kulibisa m'chitenje, ndipo ndikudziwa ena amene mwezi wotsatira sabweranso. Pamsewu wogula amaima pakati pa milu iwiri ya mbatata, maso uku, maso uku, ngati akusankha mkazi. Masiku ano kwabweranso mafoni, oti uli m'khitchini yako ya udzu ukuona makhitchini a anthu amene sudzakumana nawo mpaka kufa.

Ine ndinakulira pa sikelo yomweyo. Kwathu ankati Esnati ndi wa mutu, Rozi ndi wa khasu. Rozi ndine. Amayi atadwala, panafunika mmodzi wotsala pakhomo, ndipo panalibe amene anavutika kuganiza kuti akhale ndani. Ndinasiyira giredi faifi. Mpaka lero ndikagula kope latsopano loti ndilembemo nkhanizi, ndimayamba ndalinunkhiza.

Koma mawu a Taongawa ali ndi kulemera kwawokwawo. Ife tikati ichi chaposa icho, umaona munthu amene wanenayo, ndipo utha kumutsutsa. Akati kompeyadi tu, zimamveka ngati kuyezako kunachitika kale ku ofesi ina yake, iwe angokubweretsera yankho. Wogwira sikelo saoneka. Nanga ukatsutsana ndi ndani?

Tsopano ndiulule chimene ndinabisa.

Kuno mwana sapita kumsika kukayesa nsapato. Umamuimika pansi, kutenga kachingwe kosomola pa thumba la fetereza, kuyeza kuchokera kuchidendene mpaka kuchala chachikulu, n'kumanga mfundo. Kachingweko ndi kamene kamakwera minibasi. M'mawa wa tsiku limene Taonga ankapita, mu Januwale muja, ndinamuyeza phazi. Sikuti ndinali ndi nsapato zoti ndigule. Ndinangofuna kutsala ndi kenakake kake. Kachingweko ndinakapachika pa msomali kuseri kwa chitseko, ndipo kangapo patsiku, potuluka ndi polowa, ndinkakakhudza.

Mu Julaye mtima unandikanika. Ndinauza atate ake kuti mwanayu akabwera sabwereranso, aziphunzira konkuno.

Akusula khasu lawo, anati, "Mwana ndi wa tonse, amake Taonga, koma chilonda chikuoneka chili kwa iwe. Akulu akowo udzawauza wekha? Paja iwe akangotsokomola umavomera."

Ine ndinangokwera minibasi kupita kumsika wa ku Rufunsa, kachingwe ndakamanga pa mfundo ya chitenje. Pa mulu wa salaula, zovalidwapo kale zija, ndinapeza nsapato zakuda za lamba, zapansi pokhuthala, zoti n'kulimbana ndi miyala ya njira ya kusukulu kwathu. Ndinagoneka kachingwe mkati. Kanakwana ndendende.

Bambo wogulitsayo anandiyang'ana. "Mayi, munayeza liti?"

"Mu Januwale."

"Ah, onjezani chala chimodzi. Ana sadikira."

Ine wamanyazi uja, tsiku limenelo ndinayankha. "Mwana wanga ndimamudziwa ine."

Nsapatozo ndinazibisa mu sutikesi. Maganizo anga anali akuti ndikamupatsa, ndidzamuuza kuti ndi za kusukulu ya kuno, ndipo nkhani idzathera pomwepo. Ba Esnati akadzabwera kudzamutenga adzapeza zatha kale.

Lachitatu panachitika kanthu kena kamene kanandisokoneza. Ndinatulutsa kadi la kusikelo la Dalitso kuti ndiliike m'pepala la pulasitiki. Taonga analitenga, n'kuyamba kuyendetsa chala pa zimene anesi analemba, milomo ikugwedera.

"Mami, nyeleti ya Dali ni pa Chiwiri ichi chibwera. Alemba apa."

Ine ndinkaganiza kuti jakisoniyo ndi wa mwezi wa mawa. Zosindikiza ndimawerenga, koma zolemba anesi mothamanga, Chingerezi chokhotakhota chija, zimandipita. Tinapita kwa amake Joyisi, amene anafika giredi naini, ndipo anatsimikiza kuti mwana wanena zoona. Mu Januwale Taonga ankangotha kulemba dzina lake, chilembo china chitatembenuka. Ndinanyadira, ndipo kunyadako kunandiwawa. Ndinalowa m'nyumba, kutsegula sutikesi, kuyang'ana nsapato zija, n'kutsekanso.

Lachinayi ndinalimba mtima n'kumupatsa. Analumpha, kuzikumbatira, kuzinunkhiza monga ndimachitira ndi kope. Anakhala pa mpando n'kuyamba kuvala. Ndinaona kuti phazi likulowa movuta, koma iye anakankha, kumanga lamba, n'kuimirira.

"Zakwana, mami! Onani!"

Mawu aja ndinakonza, akuti ndi za kusukulu ya kuno, ndinawasunga. Ndinati ndidzanena mawa.

Lachisanu anazivala kupita nane pamsewu. Anaonetsa aliyense, ngakhale kondakitala wa basi ya ku Chipata. Dzuwa litafika pamutu ndinaona kuti sakuthamanganso ndi anzake. Ankaponda ngati pansi pali makala a moto, kenaka anakakhala pa thumba la mbatata, miyendo ataitambasula.

Amake Joyisi ndi amene ananena. "Iwe Rozi, dona wakoyu akuyenda ngati mkwatibwi. Tamuvula tione."

Taonga anakana, koma ndinagwada n'kumasula malamba. Zidendene zonse ziwiri zinali ndi matuza, lina litaphulika kale. Zala zinali zitapindika ngati za mwanapiye.

"Mwana iwe, bwanji sunanene?"

Anayang'ana pansi. "Munagula imwe, mami."

Ndinamubereka, msungwana wamkulu ndithu, amake Joyisi n'kunditengera Dalitso, mpaka kunyumba. Nditamutsuka ndi madzi a mchere, ndinatenga kachingwe kuseri kwa chitseko n'kukagoneka pansi pa phazi lake. Chala chachikulu chinapitirira mfundo ndi mpata wokwana chala changa chamanthu.

Apa ndi pamene ndinaona chimene ndakhala ndikuchita. Sabata yonse ndinkadandaula kuti mwana akuyeza nyumba yanga ndi Lusaka, pamene ine ndinkamuyeza iye ndi Taonga wa mu Januwale. Uja sankakwinya mphuno kumadzi otentha. Uja ankagona pa mphasa osadandaula. Uja ankati manja anga okha ndi amene amadziwa kuluka tsitsi. Mwana aliyense amene wabwera pakhomo ndinkamuika pambali pa ujayo, n'kumupeza wolakwa. Kompeyadi tu wake anali wapakamwa, aliyense ankamumva. Wanga anali wachete, wopachika pa msomali, ndipo ndi wanga amene anatulutsa matuza.

Kodi ndili ndekha? Ndi angati mwa ife amene tikusunga kachingwe kakale ka munthu? Mwamuna tikumuyeza ndi mnyamata uja ankatidikira panjira ya kuchigayo. Mchimwene wobwera kuchokera kumigodi tikumufunsa chifukwa chake sasekanso monga kale. Timati timawadziwa ife. Amene timamudziwayo anapita tsiku lomwe tinamanga mfundo.

Loweruka ba Esnati anafika. Anatsika basi ndi chikwama chawo chofiira, akudandaula za fumbi asanapereke n'komwe moni. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, atate a Taonga n'kupeza chifukwa chopitira kudimba. Ataona mapazi a mwana anandifunsa, ndipo ndinawauza zonse, ngakhale zimene nsapatozo ndinagulira.

Ndinkayembekezera kukalipiridwa. Iwo anaseka, kuseka kotopa.

"Rozi, ukuganiza kuti nyimbo imeneyi amakuimbira iwe wekha? Kwanga ndi tsiku lililonse. Kompeyadi tu Chinyunyu, manzi ya pa mpopi yazizira monga imfa. Kompeyadi tu mbatata za ba mami, izi ni sopo. Ndikamuluka tsitsi, ati ba mami sakoka so. Tsiku lina ndinamuuza kuti akatchulanso kompeyadi tu, ndimutumiza pa basi ngati katundu."

"Amanena zimenezo?"

"Ndikunamize chifukwa chani? Aneba anga onse akudziwa kuti ku Chinyunyu madzi amatuluka pansi atawira kale. Ena akufuna kubwera ndi matiyi awo."

Ndinayang'ana Taonga. Anali patali pang'ono, wopanda nsapato, akuphunzitsa Joyisi kulemba pa dothi ndi kamtengo. Kani mwanayu akakhala kuno amasowa uko, akakhala uko amasowa kuno. Ine ndinkamva ngati akunyoza. Iye ankangonyamula kwawo kwina kuti kusamutayike ali kwina. Munthu sayerekeza ndi chinthu chimene anaiwala.

Ba Esnati anapukuta magalasi awo. "Mwana ndi wako, Rozi. Ukati atsale, atsala. Kapena timuitane anene yekha."

Ndinatsala pang'ono kuvomera, chifukwa ikanakhala njira yapafupi. Koma ndinakumbukira matuza aja. Mwana amene anayenda theka la tsiku zala zitapindika kuti amake asakhumudwe, mukamufunsa pamaso pa amakewo kuti ufuna kukhala kuti, ayankha chiyani? Adzati zakwana, mami. Ndipo adzayenda nazo zaka.

"Ayi," ndinatero. "Mwana asagwire sikelo yoyeza amayi ake awiri. Apite. Koma ba sisi, holide iliyonse azibwera. Ya mu Epulo yomwe. Yonse, osati sabata imodzi. Maphunziro apaderawo azichitira pansi pa mango uno, azindiwerengera makadi."

Ba Esnati anavalanso magalasi awo.

"Eh! Rozi walankhula lero. Mvula igwa mu Ogasiti." Kenaka anagwira dzanja langa. "Ndamva. Mu Epulo ndinalakwa. Ndinkaopa kuti akabwera sudzamubweza."

"Simunaope pachabe."

Tinaseka tonse, ndipo aka kanali koyamba kuseka ndi akulu anga ngati anthu ofanana msinkhu.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi tinapita pamsewu kukadikira basi. Nsapato zakuda zija zinali kale kumapazi kwa Joyisi, amene ndi wamng'ono ndi chaka chimodzi, ndipo amake ankauza aliyense kuti mwana wawo wavala za ku Lusaka zodzera ku Rufunsa. Taonga anavala mapatapata chifukwa cha zilonda. Ndinasomola kachingwe katsopano pa thumba la mbatata, n'kumuuza kuti aponde pa katoni. Ndinagwada pa fumbi pomwepo, anthu akuona, kuyeza kuchokera kuchidendene mpaka kuchala, n'kumanga mfundo.

"Nanga kakale kaja mutaya, mami?"

"Sinditaya."

Basi inafika, anzanga n'kuthamanga ndi mabeseni. Ine sindinathamange. Ndinamukweza, ba Esnati n'kumukhazika pawindo. Sanalire, inenso ndinadzigwira. Basi itayamba kuyenda anatulutsa mutu n'kukuwa, msewu wonse kumva:

"Mami! Mukagula zina muonjezeko chala!"

Amake Joyisi anati, "Wamva? Ngakhale dona wanena."

Tsopano pa msomali kuseri kwa chitseko pali tizingwe tiwiri. M'mawa uno ndinatigoneka pamodzi pa tebulo, mfundo ina apa, ina apo. Mpata wa pakati pake ndi waung'ono, chala chimodzi chabe, koma m'menemo muli miyezi isanu ndi iwiri imene sindinaione: dzino limene linaguluka ndilibe, tsiku limene anayamba kuwerenga yekha, chimfine chimene anachira popanda dzanja langa pamphumi pake. Mpatawo sindingaubweze, ndipo sindinama kuti sukuwawa. Nyumba yachita zii, nkhuku zikulowa osaodira, ndipo palibe wozidzudzula.

Lachiwiri ndipita ndi Dalitso kukabayitsa, tsiku limene mlongo wake anandiwerengera. Pa benchi paja tidzasuzumiranabe makadi, ndikudziwa. Disembala ali kutali, ndipo basi iliyonse ndidzaiyang'anabe m'mipando. Koma nsapato za Khirisimasi ndikakagula, ndidzaonjeza chala.

Nanga inu, kachingwe kamene mukuyezera munthu wanu uja, munakamanga mfundo liti?